Golide wosanyezimira wa John Huston

Mafilimu ambiri onena za kusaka chuma chobisika amatikopa ndi chumacho. Bokosi likatsegulidwa, kuwala kumawomba pankhope za osakawo, nyimbo n'kukwera, ife owonera n'kumeza mate. John Huston sanafune zimenezo. Mu The Treasure of the Sierra Madre, filimu yake ya mu 1948, golide amene amuna atatu a ku America akuvutikira m'mapiri a ku Mexico ndi fumbi lotuwa, losasiyana ndi mchenga. Zithunzi za filimuyi n'zakuda ndi zoyera, choncho ngakhale chikasu cha golideyo sitichiona. Chimene chimanyezimira ndi mwala wachabechabe umene awiri mwa iwo, Dobbs ndi Curtin, akuuthira madzi mokondwera, poganiza kuti alemera, mpaka mkulu Howard, wachitatu wawo, kuwadzudzula kuti akuwononga madzi kudera louma. Poti golideyo alibe chokopa, maso athu amakhala pankhope za anthu atatuwo, ndipo m'menemo ndi mmene Huston anaika nkhani yake.

Nkhaniyi anaitenga m'buku la B. Traven, lomwe linatuluka m'Chijeremani mu 1927, ndipo anailemba yekha kuti ikhale filimu. Imayambira mumzinda wa Tampico mu 1925. Fred Dobbs, yemwe ndi Humphrey Bogart, ali mbuu ndi umphawi, akupemphetsa m'misewu kwa Amereka anzake. Iye ndi Bob Curtin (Tim Holt) apeza ganyu kwa kontilakitala wina dzina lake McCormick, yemwe ntchito itatha athawa osawalipira. Atamupeza m'bala amumenya, ndipo apa pali kanthu kakang'ono kamene wowonera wothamanga angakaphonye: Dobbs atsegula chikwama cha McCormick, awerenga ndalama zawo zokha, zotsalazo n'kumuponyera. Kenaka Dobbs atawina kandalama pa lotale, athira pa thumba la ulendo wokasaka golide mosawerengera, kukwaniritsa gawo limene linkaperewera. Huston akutionetsa munthu wosaba komanso wopatsa. Pamene awiriwa akugwirana chanza polonjezana ubale, kamera ikuika nkhope ya Howard kuseri kwa manjawo, ali duu kuwayang'ana. Mkuluyu waona kale manja ambiri otere.

Akulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. M'filimuyi dzaye likugwa usiku umene Dobbs akuti golide azigawana tsiku ndi tsiku, aliyense azisunga wake. Palibe wakuba apa, palibe amene wanama, ndipo ganizolo likumveka lachilungamo. Howard atulutsa kasikelo, ayeza, agawa patatu, koma akuwachenjeza kuti kuyambira pamenepo aliyense adzafunika pobisa chuma chake. Pobisa pakakhalapo, pamafunikanso wolondera. Mmodzi akadzuka usiku kukaona abulu, wachiwiri amadzuka kukaona pamene anabisa thumba lake, wachitatu naye n'kudzuka. Huston sakuthamangira mfuti. Akutiyendetsa m'tizinthu ting'onoting'ono: tenti imodzi, anthu atatu ogona moyandikana, aliyense akumvetsera mpweya wa mnzake. Curtin aona buluzi waululu akulowa pansi pa mwala, ayamba kuutembenuza kuti amuphe, osadziwa kuti ndi pomwe Dobbs anabisa golide wake. Dobbs atulukira ndi mfuti. Ife tikudziwa kuti Curtin sanalakwe, komabe tikumvetsa chifukwa chake Dobbs sakukhulupirira, pakuti zimene waona ndi maso ake zikufanana ndendende ndi kuba.

Ndipo Curtin si mngelo. Mgodi utagumukira Dobbs ali m'kati, Curtin afika pakhomo pake, ayang'ana, atembenuka n'kuyamba kuchoka. Ayima kanthawi kochepa, kenaka abwerera kukamufukula. Palibe mawu, palibe amene wamuona kupatula ifeyo. Tim Holt sankatchuka ngati anzake awiriwo, koma masekondi amenewa ndi ena mwa abwino kwambiri m'filimu yonse.

Anthu akamakumbukira filimuyi amakonda kunena za Dobbs kuwombera Curtin m'tchire. Kwa ine chiwembu chachikulu chimachitika kale zisanafike pamenepo, pakubwera kwa James Cody (Bruce Bennett). Cody ndi Mmereka wina amene watsatira Curtin kuchokera kumudzi kumene anakagula zakudya. Ndi munthu wofatsa, woganiza bwino, ndipo akuwayalira yekha njira zitatu zimene ali nazo: kumupha, kumuthamangitsa iye n'kukawaneneza kuti akukumba popanda chilolezo, kapena kumulandira kuti azigawana naye zimene adzakumbe kuyambira tsikulo, osakhudza zimene apeza kale. Atatuwo akhala pansi n'kukambirana modekha, ngati kuti akukambirana za mtengo wa abulu. Agwirizana zomupha, ndipo kuti pasakhale wodzaloza mnzake chala, onse atatu atenga mfuti. Howard wanzeru uja ali pomwepo. Curtin wachifundo uja ali pomwepo. Palibe amene wapenga, palibe amene wakwiya. Choopsa cha chigawo chimenechi n'chakuti wowonera wakhala akuvutika nawo limodzi padzuwa miyezi yonseyi, ndipo mumtima mwake naye sakufuna kuti chumacho chigawidwe panayi.

Huston akuwapulumutsa ku mlanduwu powabweretsera achifwamba otsogozedwa ndi Gold Hat (Alfonso Bedoya) asanawombere. Cody amenya nkhondo kumbali yawo n'kufa ndi chipolopolo cha achifwambawo. M'thumba mwake apeza kalata ya mkazi wake wa ku Texas, yonena za mwana wawo ndi za zipatso zimene zatsala pang'ono kukololedwa. Kalatayi njotsekemera mopitirira, ndipo nyimbo za Max Steiner zikuthiranso shuga pamwamba, koma ntchito yake ikugwirika: akumvetsera ndi anthu amene posachedwapa anali atamulozetsa mfuti mwini kalatayo.

Kuchokera apa filimu imasanduka ya Bogart. Howard atatengedwa ndi anthu a m'mudzi wina, othokoza kuti watsitsimutsa mwana amene anamira, Dobbs ndi Curtin atsala awiri ndi katundu wa anthu atatu. Dobbs akuti agawane gawo la mkuluyo, Curtin akana, ndipo kukanako Dobbs akukutenga ngati umboni wakuti mnzakeyo akufuna kumupha kuti atenge zonse. Ayamba kupikisana kuti agone ndani poyamba. Bogart analimba mtima posewera munthu wonyansa chonchi pamene anali katswiri wokondedwa wa Warner Bros.: ndevu zosameta, tsitsi lanyankhalala, kuseka kwa munthu wosokonezeka, kudzitchula dzina lake lonse polankhula. Dobbs atawombera Curtin, agona pafupi ndi moto akudzilankhulira za chikumbumtima, malawi n'kukwera mpaka kuphimba nkhope yake. N'zamphamvu, koma ndili nazo ndi dandaulo. Dobbs akapenga motere, wowonera amapeza pothawira. Amati uyu ngwamisala, ine sindili choncho, n'kuiwala msonkhano wa anthu abwinobwino uja umene unagamula imfa ya Cody. Misala ya Dobbs imachotsa ululu wina umene filimu inali itaubaya kale.

Mphoto za Oscar zinapita kwina. John Huston analandira ziwiri, ya kutsogolera filimu ndi ya kulemba, ndipo bambo ake omubereka, Walter Huston, analandira ya wosewera wothandizira chifukwa cha Howard. Bogart sanaikidwe n'komwe pa mndandanda. Walter Huston anavula mano ake oikirira kuti asewere gawoli, ndipo amalankhula mothamanga ngati munthu amene zonse anaziona kale, alibe nthawi yozikometsera. Kuvina kwake pamene wazindikira kuti anzakewo aponda pa golide osadziwa, ndi kuseka kwake kwa kumapeto, ndizo zimapatsa filimuyi mpweya. Ndi iyenso amene akuumirira kuti asanachoke akwirire mgodi, phiri libwerere mmene analipezera.

Mapeto ake ngodziwika. Dobbs akumwa madzi pachithaphwi aona chithunzithunzi cha Gold Hat m'madzimo, ndipo aphedwa ndi chikwanje. Achifwambawo ang'amba matumba, ayesa kuti ndi mchenga woikidwa kuti zikopa zimene abulu asenza zilemere pa sikelo, autaya n'kutenga abulu. Mphepo ichita zotsalazo. Fumbi losanyezimira lija apa labweza phindu lake, pakuti golide wa m'bokosi sakanatayika chonchi. Koma nthabwala yowawayi yatsamira pa umbuli wa anthu a ku Mexico, ndipo n'zovuta kukhulupirira kuti achifwamba okhala m'dera la migodi, dziko limene lakhala likukumbidwa siliva ndi golide kuyambira nthawi ya atsamunda a ku Spain, sangamudziwe golide wafumbi. Huston anajambula mbali yaikulu ya filimuyi ku Mexico komweko, chinthu chimene Hollywood sinkachita kawirikawiri nthawiyo, ndipo analola anthu kulankhula Chisipanishi chawo. Komabe eni dzikowo amaoneka makamaka mitundu iwiri, achifwamba ankhanza ndi anthu akumudzi ofatsa ofuna mzungu woti awachiritse. Funso lakuti golideyo anali wa yani poyamba silifunsidwa.

Curtin, yemwe anapulumuka chipolopolo cha Dobbs, auzidwa ndi Howard kuti agulitse abulu ndi zikopa, apite ku Texas akaone mkazi wa Cody nthawi yokolola zipatso. Filimu imapereka zimenezi ngati chiyembekezo, nyimbo zikuvomereza. Amene akupita kukagogoda pakhomo la mayi wamasiyeyo ndi mmodzi mwa atatu amene anavomera kuti mwamuna wake aphedwe, ndipo Huston sakutiuza ngati Curtin akafika adzaitchula nkhani imeneyo.