Gule Wobwerera Kwawo

Gulu la ovina la Bangarra linakhazikitsidwa mumzinda wa Sydney ku Australia m'chaka cha 1989. Ovina ake ndi ana a eni nthaka a dzikolo. Stephen Page, amene analitsogolera kuyambira 1991 kufikira 2022, ankalukanitsa mavinidwe a makolo ndi amakono. Chitsanzo ndi gule wotchedwa Ochres wa 1994, yemwe anagawidwa panayi potsata maonekedwe a dothi lodzola pamiyambo: lachikasu, lakuda, lofiira ndi loyera.

Luso lotere limasangalatsa anthu a m'mizinda, koma oweruza enieni ali kumudzi. Nchifukwa chake gululi limabwerera kumadera monga Arnhem Land, kumene linatapa nyimbo ndi nthano, kukavina pamaso pa eni ake. Kumeneko wovina akapotoza mwambo, nkhalamba zimaona msanga.

Komabe mlendo ndi mame. Ulendo wa masiku owerengeka sungabweze ngongole yonse ya gule wobwereka. Chimene chimaliwombola gululi ndi ntchito yake yophunzitsa achinyamata a kumaderako kupeka magule awoawo mothandizana ndi akuluakulu, pakuti alendo akachoka, otsala pabwalo ndi anawo.