Aphunzitsi a mganda ndi chimtali

Belu loweruka likalira m'sukulu zina za ku Dowa ndi Ntchisi, pabwalo pamatsala mphunzitsi, ng'oma ndi ana. Anyamata amandanda m'mizere kuphunzira mganda, gule amene anatengera perete wa asilikali a King's African Rifles nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha. Mphunzitsi amawongola phewa la uyu, n'kubweza phazi la uyo lomwe latsogola ng'oma, mpaka onse aponde limodzi, lipenga lawo la badza lili kukamwa. Atsikana, atamanga zitenje m'chiuno, amazungulira chimtali akulandizana nyimbo.

Ntchitoyi imafuna mtima wautali, komatu ndiyo imaumba oimba ng'oma, otsogolera nyimbo ndi ovina a mawa. Aphunzitsi oterewa tiziwathokoza pamaso pa makolo ndi mafumu.