Luso lokwiririka pansi pa fulo

Tsiku limene mlongo wanga anatenga amisiri kukawaonetsa puloti yake kunja kwa mzinda wa Lilongwe, bambowo sanafune n'kuona komwe mapulani. Mapepalawo anawapinda n'kulowetsa m'thumba la ovolosi, napempha khasu. Anakumba kadzenje kolekeza m'bondo pamene padzakhale pabalaza, natapa dothi la pansi pake, nalinyowetsa ndi malovu, n'kuyamba kulipota m'manja ngati akupota chingwe. Dothilo linali lakuda bii, ndipo linapoteka osaduka.

"Mayi," anatero akupukuta manja, "puloti iyi mwagula ndi madzi ake omwe."

Munali mu Seputembala, fumbi lili koboo, udzu utauma gwa. Ine ndinaseka chamumtima. Koma chakumunsi kunali dambo, ndipo amisiriwo anali ataona kale bango amene ife tinamudutsa osamulabadira. Iwo ankaona Febuluwale ife tikuona chilimwe. Madzi saiwala khwawa.

Ndakhala ndikuonerera anthu omanga kwa zaka zambiri, ndipo ambiri amatamandidwa chifukwa cha khoma loongoka ndi pulasitala wosalala. Bambo awa luso lawo lalikulu linathera pa zinthu zimene tsopano zili pansi pa matailosi, zimene palibe mlendo adzazione. Pa chilichonse chobwera pa lole kapena pa ngolo, funso lawo linali limodzi: kodi chimenechi chimakweza madzi kapena chimawatsekereza?

Anandifotokozera potengera koloboyi. Palafini amakhala pansi m'botolo, koma amakwera yekha m'chingwe mpaka kukafika pamoto, popanda womupopa. Dothi, njerwa ngakhalenso konkire zili ndi timibowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi a m'nthaka amakwera m'menemo chimodzimodzi. Mibowo ikachepa kwambiri m'pamene madzi amakwera patali. N'chifukwa chake dothi la mtapo limakweza chinyontho kuposa mchenga, pamene miyala ikuluikulu yokhala ndi mipata pakati pake siikweza konse. Ntchito yonse ya pansi pa fulo ndiyo kudula chingwe cha koloboyiyo.

Zimene zimachitika chingwecho chikasiyidwa ndimazidziwa bwino. Ndinachitapo lendi nyumba ina mu Blantyre imene penti wake ankasupuka kuchokera pansi kulekeza m'bondo, khoma likutuluka ufa woyera wonga mchere. Nsapato zikagona sabata pansi pa bedi zinkachita chuku, ndipo thumba la ufa tinkaliika pa njerwa. Eni nyumba ankabwera chaka chilichonse ndi chitini cha penti, kupaka, kukweza lendi, basi. Denga silinkadontha ngakhale pamodzi. Madzi ankachokera pansi.

Pa puloti ya mlongo wanga choyamba chinali kuchotsa. Dothi lakuda lonse la m'kati mwa maziko linatuluka pa wilibala, pamodzi ndi mizu ndi zitsa. Anthu a ku Chikwawa, Nsanje ndi chigwa cha Phalombe amalidziwa dothi la mtundu umenewu, makande: mvula ikagwa limafufuma, dzuwa likawala limang'ambika ming'alu yolowa dzanja. Silabu yogona pa dothi lopuma chotero imathyoka msana, ndipo mng'alu uliwonse ndi khomo la chinyontho ndi chiswe. M'malo mwake anaitanitsa dothi lofiira la timiyalatimiyala, n'kumalithira pang'onopang'ono, masentimita 15 ulendo umodzi, kuwaza madzi, kutsendera, kenaka kuthiranso. Chotsendera chake chinali chitini chakale cha penti chodzaza konkire, mtengo utazikidwa pakati. Anyamata ankasinja ngati ali pamtondo, amisiri ali chiimire poteropo, khutu lili tcheru. Pamene pankamveka phuu ankati bwerezani. Pakayamba kumveka di, di, ankagwedeza mutu n'kusunthira pena.

Mkangano unabuka pa miyala. Mlongo wanga anali atasunga mulu wa zidutswa za njerwa, ndipo aliyense anamuuza kuti zimenezo n'zokwana, asataye ndalama pa miyala ya kwale. Amisiri sanakane zonse. Anakhala pansi tsiku lathunthu ndi mnyamata mmodzi, akusankha chidutswa chimodzichimodzi monga amayi asankhira nyemba. Njerwa yopsa bwino, ya m'kati mwa uvuni, ukaigogoda ndi chitsulo imalira ngwee. Ya m'mbali, imene moto unangoinyambita, imayankha mogonthera, ndipo ukaikanda ndi chikhadabo imanyenyeka. Anatenga imodzi yotere n'kuiponya mu ndowa ya madzi. Inayamba kutulutsa thovu, ikumwa ngati ng'ombe yochokera kubusa, ndipo potuluka inali italemera, m'mphepete mukusungunuka.

"Iyi ndi siponji, mayi. Mukufuna kugona pa siponji?"

Pafupifupi theka la mulu linapita kukakwirira maenje a mumsewu. Zidutswa za pulasitala wakale, timatabwa ndi mapepala a simenti anazikana zonse: china chimawola n'kusiya mphako, china ndi ndiwo za chiswe. Kumbali yoyang'ana kudambo anaumirira miyala ya kwale yokhayokha, yaikulu ngati chibakera, ndipo anaiyala ndi manja, kuiimika mothithikana, mipata ya pamwamba n'kutsekamo timiyala ting'onoting'ono. Zinkaoneka ngati akuyala msewu wa mfumu. Mawa lake zonsezo zinakwiririka.

Mchenga nawo unayesedwa. Anautapa m'botolo, kuthiramo madzi, kukhutchumula, n'kuliimika pamthunzi. Patapita maola angapo mchenga unali pansi, matope atakhala pamwamba pake ngati mzere. Wa lole yoyamba mzerewo unali wonenepa ngati chala chachikulu, ndipo anauika padera kuti usayandikire konkire. Wakumtsinje, wokhakhala, wolira m'manja ukaufinya, ndiwo anauvomera. Pamwamba pa miyala anayala mchenga wokwana masentimita 5 ndi kuusalaza, kuti pasapezeke nsonga yotulukira. Mankhwala a chiswe anathira madzulo, dzuwa litapepa, kuti asauluke ndi kutentha.

Kenaka linafika tsiku la pepala.

Kumsika kuli mapepala akuda a pulasitiki amitundumitundu, ndipo onse amafanana ukamawaona ali chikulungire. Ambiri ndi opyapyala, oyenera kuyala kunsi kwa udzu wa denga kapena kufunditsa katundu pa lole. La pansi pa silabu limafunika la ma micron 250, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita. Amisiri analibe chida choyezera zimenezo. Ankagwira ngodya ya pepala, kukanikiza chala chachikulu n'kukoka. Lopyapyala limatuwa n'kubooka pomwepo. Loyenera limalimbana nawe. Mnyamata amene anatumidwa kukagula anabwerera kawiri.

Kuyala kwake ndinakuonerera kuyambira m'mawa. Aliyense anavula nsapato. Pokumana mapepala awiri anasanjikiza masentimita 30, n'kumata ndi tepi. Pamene paipi ya kubafa inatulukira, anadula kabowo kochepa kuposa paipiyo kuti pepala liikumbatire, namanganso ndi tepi. M'mbali monse pepala linakwera khoma mpaka kukakumana ndi DPC, lamba wakuda uja amene amagonekedwa pakati pa mizere ya njerwa, kotero kuti nyumba yonse inakhala ngati yakhazikidwa m'beseni. Apa m'pamene omanga ambiri amalakwitsa: pepala amayala, DPC amaika, koma ziwirizi sizigwirana, ndipo chinyontho chimapeza njira pampata wa pakati pake. Mnyamata wina anagwetsa fosholo n'kuboola kabowo kosakwana ndi khobidi lomwe. Amisiri sanakalipe. Anadula chigamba, anagwada, anamata, kenaka anapatsa mnyamatayo tepi kuti ayendere chipinda chonse chogwada kufunafuna ena.

Alipo omanga amene amaboola dala pepalali ndi msomali, ati kuti madzi a konkire atsike msanga aweruke. Nditawauza zimenezi, bambowo anangoti, "Ndiye kugula ambulera n'kuibaya ndi mpeni kumeneko."

DPC anaiika masentimita 15 pamwamba pa nthaka ya panja, pafupifupi mizere iwiri ya njerwa, kuti madontho a mvula odumpha pansi asafike pamwamba pake. Anachenjezanso mlongo wanga, amene amakonda maluwa, kuti asadzaunjike dothi la bedi kutsamira khoma. Ngakhale pulasitala wakunja anamudula pa mzere womwewo, chifukwa pulasitala wotsika mpaka m'dothi ndi chingwe china cha koloboyi.

Za konkire sindichulukitsa. Muyeso unali umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala, kunenepa masentimita 10, mawilibala akuyenda pa matabwa. Nkhondo inali pa madzi. Anyamata amakonda konkire wa phalaphala chifukwa savuta kuyala, koma madzi opitirira akauma amasiya timibowo tija. Amisiri ankasunga okha ndowa. Atatha, silabu inathiriridwa masiku 7, itafunditsidwa matumba onyowa.

Chimene chinandidabwitsa ndi kumene anati anaphunzira zonsezi. Sukulu ya zaumisiri anapitako, koma anatchula mayi awo. Nyumba ya kumudzi inkamangidwa pamalo okwera, pansi pake n'kukwezedwa ndi dothi lotsendera, khonde lili kuzungulira, denga litatambalala kuti mvula igwere kutali ndi khoma. Pansi pozira ndi dothi pamapuma: chinyontho chikakwera chimauluka, moto wa m'nyumba n'kumaumitsa. Ife tabwera ndi simenti, matailosi ndi penti wa mafuta, zimene zimatseka mpweya. Chinyontho chikasowa potulukira pansi chimathamangira m'makoma. Ukasankha kutseka, uyenera kutseka ponseponse. Kutseka mwatheka kumaposedwa ndi nyumba yozira ya agogo.

Mlamu wanga ali ku Johannesburg, ndipo ndiye ankatumiza ndalama zambiri. Pa WhatsApp ankafuna zithunzi za khoma likukwera, ndipo anali atasankha kale fulo ya matabwa imene anaiona m'sitolo kumeneko. Amisiri anamuyankha mwaulemu pa foni kuti adikire. Konkire amalimba mokwanira pa masiku 28, koma kuuma ndi nkhani ina: amatenga pafupifupi mwezi pa masentimita awiri ndi theka alionse, ndiye silabu ya masentimita 10 imafuna miyezi inayi kapena kuposerapo. Matabwa a utuchi wopanikiza akakhudza chinyontho amatupa ngati buledi m'tiyi, ndipo sabwereranso. Paini wa ku Chikangawa amafuna mankhwala, apo ayi chiswe chimachita phwando. Mkungudza wa ku Mulanje, umene suwola wamba ndipo chiswe chimaudana nawo, tinaudula mpaka kutsala pang'ono kutheratu, ndipo si mtengo woti munthu aziufunanso pomanga. Chikomekome cha mkuyu amisiri anachikana: anamata kachidutswa ka pulasitiki pa silabu, m'mbali monse ndi tepi, n'kukasiya usiku wonse. M'mawa kunsi kwake kunali thukuta. Anabwereza mwezi uliwonse kufikira tsiku limene anakamatula kali gwa. Pamapeto pake pabalaza panaikidwa matailosi, matabwa anangolowa kuchipinda chogona.

Mvula yagwa zaka zitatu chimangireni nyumbayo. Febuluwale wapitayu ndinakafikako dambo litasefukira, achule akulira kuseri kwa mpanda, ndipo m'chipinda chosungira katundu matumba a chimanga anali pansi penipeni, opanda njerwa kunsi kwake. Ndinalowetsa dzanja pansi pa thumba limodzi. Panali fumbi.

Inu amene mukumanga, tsiku lokhoma malata mukhoza kutuma mwana akajambule. Tsiku loyala pepala pemphani tchuthi kuntchito, mukaimepo nokha, nsapato zili m'manja.