Luso la Amisiri a Njinga za Kabaza ku Mangochi

Kumaiko a azungu, munthu wachuma akagula galimoto yaikulu yoyendera magetsi, monga Tesla Model X imene inayamba kugulitsidwa mu 2015, sakhutira nayo mmene yatulukira kufakitale. Amasankha chikopa cha mipando, amasintha malimu, ena mpaka kusintha mtundu. Mtima wofuna kuti chokwera chifanane ndi mwini wake uliponso ku Mangochi. Kuno umaonekera pa njinga ya kabaza, ndipo amisiri ake ndi ofunika kuwatayira kamtengo.

Njinga imachoka m'sitolo ili ya munthu mmodzi ndi kakatundu kochepa. Kuti izitha kunyamula mayi wobereka mwana, dengu la usipa lili pamiyendo, kuwoloka naye mlatho wa Bakili Muluzi mpaka kumsika, iyenera kudutsa m'manja mwa anthu angapo.

Woyamba ndi wowotcherera. Kaliyala ya kufakitale amaichotsa, n'kupinda zitsulo zomangira nyumba kupanga ina yaitali ndi yotakata, miyendo yake n'kuitsitsa mpaka pakati pa gudumu kuti kulemera kuzigwera polimba. Njinga za Buffalo, zopangidwa ndi bungwe la World Bicycle Relief, zimadziwika ndi kaliyala yonyamula makilogalamu 100. Amisiri akuno mphamvu yotere amaipeza ndi diso, nyundo ndi moto. Akatero amaika popondera mapazi mbali zonse ziwiri, ndi kahandulo kumbuyo kwa chishalo. Kahandulo aka ndi kaulemu: mayi amakhala chammbali n'kugwira pamenepo, osati m'chiuno mwa mwamuna wa eni.

Koma luso lenileni lili pa gudumu lakumbuyo, pamene pamagwera mtolo wonse. Mmisiri amagadamiza njinga, n'kuzunguza gudumu, chala chachikulu chili pafupi ndi limu. Pamene limu yakhudza chala, ndi pomwe yapindika. Ikapendekera kumanzere, amamanga masipoko a kumanja n'kumasulako a kumanzere, pang'onopang'ono, osapupuluma. Kenako amakhwatcha sipoko iliyonse ngati woyimba bangwe, khutu lili tcheru. Yomangika bwino imalira mokweza, yolobodoka imalira mogonthera. Amadziwa kuti sipoko imodzi ikalekerera, katundu wake amagwera zinzake, ndipo zimayamba kuduka motsatizana. N'chifukwa chake ambiri amachotseratu masipoko opyapyala n'kuluka gudumu lonse ndi okhuthala.

Mdani wina ndi mchenga. Tinjira ta kumadooko ngati Makawa, Namiasi ndi Malindi n'tamchenga okhaokha, ndipo ukalowa m'habu n'kusakanikirana ndi girizi, umadya timipira tachitsulo ta m'katimo. Mmisiri wabwino amatsegula habu, kutsuka timipirato m'palafini, kupaka girizi watsopano, n'kumanga mwa muyeso. Akamangitsa, wopalasa amathera mphamvu pachabe. Akalekerera, gudumu limagwedera. Muyeso umenewu sulembedwa m'buku, uli m'zala zake.

Womaliza ndi wosoka khushoni. Pansi amaika thabwa, pamwamba siponji yokhuthala, n'kukuta ndi nsalu ya pulasitiki yosalowa madzi kapena thukuta, poti dzuwa la kunyanja silichita masewera. Amaikoka zolimba kuti pasakhale khwinya, m'mbali n'kuzunguliza mphonje zofiira, zachikasu kapena zobiriwira. Pambali pa gudumu pamaikidwa chotchinga kuti chitenje kapena diresi yaitali isakodwe m'masipoko.

Zotsalazo ndi za mwini njinga. Wina amaika magalasi awiri ndi mabelu, wina kawailesi, wina timagetsi ta batire, wina mphira yolendewera kumbuyo yolembedwa mawu a pemphero kapena dzina la timu, kaya Bullets kaya Manoma. Ena amati n'kudzionetsera chabe, koma ayi. Pa siteji pamene njinga zandanda zambirimbiri, wokwera amayamba kuona yoyera ndi yokongola, chifukwa amadziwa kuti wosamala khushoni amasamalanso mabuleki. Timagetsito nato timapulumutsa moyo usiku pa msewu wa ku Monkey Bay, pamene magalimoto amathamanga.

Masiku ano njinga zamoto zachuluka, ndipo anyamata ambiri maso awo ali ku Joni. Komabe njinga yakapalasa ikudyetsabe mabanja, osafuna dontho la petulo, ndipo ikutero chifukwa cha amisiri okhala pansi pa mitengo ya mango ndi masipanala awo. Bungwe la TEVETA ndi khonsolo awaganizire powapatsa maphunziro ndi malo abwino ogwirira ntchito. Inunso eni njinga, mmisiri akatchula mtengo wowongolera limu, musamunenerere mpaka kumukhumudwitsa. Mlipireni mokwanira, chifukwa moyo wa wokwera wanu uli pa masipoko amene iye wamanga.