Fupa Limadzuka, Chilombo Chimagona

Mwana wa sukulu wa ku Area 25 ku Lilongwe akafuna kuona nyumba yosungiramo zinthu zakale, ulendo wake ndi wa basi, pakuti likulu la dziko lilibe miziyamu yaikulu ya boma. Ya ku Chichiri, imene Kamuzu Banda anatsegula mu 1966, ili ku Blantyre. Ya Chamare ili ku Mua m'boma la Dedza. Ya Malawisaurus ili kutali ku Karonga. Kulikonseko akapeza zinthu zamitundu iwiri, zachilengedwe ndi zachikhalidwe, ndipo mfundo yanga ndi yoti mitundu iwiriyi imafuna luso losiyana kwa woziyala. Galasi ndi kachikwangwani zimadzutsa fupa, koma zimagoneka chilombo cha gule.

Tiyambe ndi Karonga, kumene miziyamu inatsegulidwa mu 2004. Mafupa a dayinoso amene anapezeka ku Mwakasyunguti mu 1924 anali zidutswa zouma ngati miyala, zoti mlimi akadazikankhira m'mbali mwa munda. Sidney Haughton anazitcha dzina mu 1928, ndipo Louis Jacobs ndi anzake anazipatsa dzina la Malawisaurus mu 1993, koma dzina palokha siliopsa mwana. Chimene chimamuimitsa n'kumutsegula pakamwa ndi ntchito ya amene analumikiza msana, nthiti ndi khosi lalitalilo, n'kuimika chinyamacho pamiyendo yake inayi kuti munthu achione modzutsa mutu. Nsagwada ya munthu wakale wotchedwa Homo rudolfensis imene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha mu 1991 ndi yokwana m'dzanja, ndipo zaka zake zoposa mamiliyoni awiri sizioneka ndi maso. Oyala anazindikira zimenezi: anandandalika zinthu motsata nthawi, kuchokera pa madayinoso mpaka pa ndale za zipani zambiri, kotero mlendo amamva kutalika kwa zaka ndi mapazi ake. Apa miziyamu ikupatsa fupa chinthu chimene linalibe m'dothi.

Ku Mua nkhani ndi ina. Mwana yemweyu gule amamudziwa kale. Wauona pa maliro kapena pa chikumbutso cha kufupi ndi kwawo, wamva mbalule ikuitana mpanje n'kuyankha, waona amayi akuwomba m'manja fumbi lili koboo, ndipo wathawapo Kapoli atatulukira pa ngodya. Akalowa mu Chamare, ya likulu la Kungoni limene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akumana ndi zigoba zoposa 400 zili duu. Chadzunda alipo koma satsimphina, Maliya alipo koma sagwedeza chiuno. Wosema anachita ntchito yake, maso, mano ndi utoto zonse zili bwino, koma chigoba chinali gawo limodzi chabe la luso limene thunthu lake ndi miyendo, ng'oma, nyimbo ndi mantha a oonerera. Mlendo wa ku Ulaya amatulukamo atapindula. Mwana wa ku Area 25 uja amaonamo zochepa kuposa zimene amaona kwawo ulele.

Ena anena kuti ndikunyoza ntchito yopulumutsa, ndipo mawu awo ali ndi mutu. Zilombo zambiri sizipangidwa kuti zikhalitse: Kasiya maliro amalukidwa ndi makoko a chimanga ndipo mwambo ukatha amatenthedwa, zigoba za mtengo chiswe chimadya, ndipo zilombo zina zimasiya kuvinidwa eni ake akatha. Popanda Boucher, amene analemba nyimbo ndi matanthauzo a zilombo mazanamazana, zambiri zikanaiwalika. Ndikuvomera, komatu kutsutsa kumeneku kukulimbitsa mfundo yanga, chifukwa chimene anapulumutsa kwenikweni ndi nyimbo ndi tanthauzo; chigobacho chikungoperekeza. Ngakhale UNESCO, polemekeza Gule Wamkulu mu 2005, inalemekeza mavinidwe ndi mwambo, osati mitengo yosemedwa.

Kutsutsa kovuta ndi kwa akudambwe, oti kupachika chigoba poyera n'kuulula za kumanda kwa osavinidwa. Woyala amene angayankhe kuti maphunziro alibe chinsinsi sanamvetse chimene wagwira, pakuti kubisako ndi mbali ya lusolo. Chilombo chodziwika kuti ndi mwana wa uje chasiya kukhala chilombo. Tsono ngati Lilongwe idzamanga miziyamu yake, chipinda cha mafupa chidzafuna katswiri wa miyala ndi kuwala kokwanira, pamene chipinda cha gule chidzafuna bwalo la dothi panja, masiku oti ng'oma zizilira, ndi mafumu ndi atsabwalo okhala pansi limodzi ndi oyala kuti agamule chilombo choti chionekere ndi choti chitsale kudambwe.