Riboni yoyera ya Rungano Nyoni

Pa Khrisimasi yapitayi, mvula ikuwomba malata kwathu ku Chongwe, adzukulu anga anandikokera pamphasa kuti tionere limodzi Krampus, filimu ya Michael Dougherty ya mu 2015. Krampus ndi chilombo cha nyanga cha m'nthano za ku Austria ndi Bavaria, chimene amati chimayenda usiku wa pa 5 Disembala kulanga ana osamva. Anawo ankafa nacho chiseko poona tianthu ta bisiketi tikuzunza bambo wandevu zake m'khitchini, posakhalitsa n'kumabisa nkhope m'chitenje changa. Ndinaseka nawo, koma mtima unali pa filimu ina, yakwathu konkuno, imene chiseko ndi mantha inazipota chingwe chimodzi mwaluso loposa: I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales. Inaonetsedwa koyamba ku Cannes mu 2017, ndipo mu 2018 inamupatsa mphoto ya BAFTA.

Mulibe Khrisimasi m'menemo, chilombo cha nyanga mulibenso. Choopsa ndi anthu wamba onga ife, ndi nkhani za ufiti zimene tonse tinakula nazo.

Taonani zochitika kupolisi, koyambirira. Mudzi wonse waunjikana pazenera kudzaneneza kamtsikana kosadziwika kwawo, kamene pambuyo pake akukatcha Shula. Bambo wina akulumbira kuti mwanayo anamudula mkono ndi nkhwangwa, chikhalirecho akulozera ndi manja onse awiri. Atapanikizidwa akuvomera kuti anali maloto. Ukuseka mpaka misozi. Wopanga filimu wina akanadula pomwepo n'kuthamangira nthabwala yotsatira. Nyoni ayi. Kamera ya David Gallego wa ku Colombia ikubwerera pankhope ya Maggie Mulubwa, mwana amene anali asanasewerepo filimu, n'kukhala pomwepo duu. Mwanayo sakuvomera, sakukana, wangoti maso tong'o. Chiseko chija chimakuumira kukhosi, pozindikira kuti umboni wopusawu ndi wokwanira kumulanda moyo wake wonse.

Henry B.J. Phiri, amene akusewera a Banda, bwana wa boma, ndiye mchere wa filimuyi. Foni ya mlanduwo ikuwapeza ali m'bafa, akazi awo akuwakhula kumsana. Kenaka akumutenga Shula kupita naye pa TV, n'kuyamba kutsatsa mazira m'dzina lake. Phiri sakukometsera kalikonse. Akuyankhula mwaulemu wa mu ofesi, ngati munthu wokhulupirira kuti akutukula dziko. (Tonse timawadziwa a Banda athuathu, sinditchula maina.)

Koma chimene ndimagwadira ndi riboni. Nyoni anakakhala masiku mumsasa wa amayi onenezedwa ufiti ku Ghana, koma riboniyo sanaipeze kumeneko, njochokera m'mutu mwake. Mufilimuyi Shula akumutengera kumsasa wotero, kumene mayi aliyense wamangidwa kumsana riboni yoyera yaitali, yokulungidwa pachikulunga chachikulu ngati cha ulusi, akuti kuopa angauluke. Zikulungazo zimakwezedwa palole powatengera kuganyu. Poyamba zimaseketsa: agogo okalamba akulima, nsalu zikupepeluka kumbuyo kwawo ngati za galimoto ya ukwati. Kenaka umaona kuti utali wa riboni ndiwo malire a dziko la munthuyo. Ngakhale akazi a a Banda, ndi nyumba yawo yokongola ndi nsapato zazitali, ali nayo yawo. Shula akumutsekera usiku wonse kuti asankhe: adule riboni asanduke mbuzi, kapena aisunge akhale mfiti. Nthano yachikale yeniyeni, yoti ukanaimva pamoto n'kuyankha kuti tili tonse, koma yopekedwa dzulodzuloli.

Ife a ku Chongwe nkhani ya mvula timaimva m'mafupa. Chaka ndi chaka Asoli amasonkhana pa Chakwela Makumbi, mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ikupempha mitambo m'malo mwa anthu ake onse. Mufilimuyi katundu wolemera chotero amusenzetsa mwana mmodzi, avine yekha pafumbi kuti mzungu wa famu apeze mvula. Kumwamba kuli mbee. Mvulayo ikudzagwa amayi aja atazungulira mtembo waung'ono wokutidwa nsalu yoyera. Kenaka lole ili yokha, mariboni akuuluzika ndi mphepo opanda munthu kumapeto kwake, ndipo chapatali mbuzi ikulira.