Madontho oyera a ku Chentcherere ndi chala cha pa foni

Mwana wa mchemwali wanga amajambula ndi chala pa foni, pa pulogalamu ya ibisPaint. Tsiku lina mu June, mphepo ya ku Dedza itatiunjika kukhitchini, anandisonyeza chithunzi cha mayi ake. Nkhope sinkaoneka. Anawajambula chakumbuyo, atakhala pa mphasa, chitenje chili m'mapewa, ndipo pamsana ponse anadonthezapo madontho oyera, ena othithikana, ena otalikirana. "Mayi aang'ono," anatero, "umu ndi mmene ankakhalira mwana uja atamwalira. Nkhope sankationetsa."

Chithunzicho chinandikumbutsa phanga la Chentcherere, kumpoto kwa boma la Dedza. Ili ndi limodzi mwa malo 127 a zojambula za pamiyala a ku Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Pathanthwepo pali zofiira, mizere ndi zozungulira, zimene akatswiri amati n'za Akafula. Pamwamba pa zofiirazo pali zoyera, zopakidwa ndi chala choviikidwa m'dothi: zinthu zotambasula miyendo ngati buluzi, kapena ngati chikopa choyanika, zina zili ndi madontho pamsana. Leslie Zubieta, amene anafufuza phanga la kumeneko lotchedwa Mwana wa Chentcherere, anasonyeza kuti zoyerazi zikukhudza chinamwali cha atsikana a Chichewa. Ndiye kuti kuno kwathu akazi anayamba kale kujambula za ukazi wawo, ndipo sanayambire pa nkhope.

Apa m'pamene zithunzi zambiri za pa Facebook zonena za matenda a maganizo zimandikhumudwitsa. Pafupifupi zonse ndi mkazi wagwira tsaya, msozi uli patsaya linalo, mtambo wakuda pamutu. Wojambula wanena zonse nthawi imodzi, ndipo woona alibenso chochita koma kupitiriza kutsetsereka ndi chala. Choipa kwambiri n'chakuti si mmene vutoli limaonekera pamudzi. Mayi wovutika maganizo amadzuka m'mamawa, amasesa, amapita kumjigo, amaseka nawo kumaliro pophika. Anauzidwa kuti banja ndi kupirira. Akadziwa kuti akalankhula anthu ayamba kunong'onezana za chipatala cha amisala cha ku Zomba, amatseka pakamwa. Chithunzi cha misozi chimamuuza kuti ngati sakulira ndiye kuti sakudwala.

Luso la pathanthwe lili m'kusanjikiza. Choyera sichinafafanize chofiira. Chinakhala pamwamba pake, chakale n'kumaonekerabe pansi. Pa foni ndi pa kompyuta ntchito imayenda chimodzimodzi, ndi zimene amazitcha ma layer: umajambula pa chigawo chimodzi, n'kuikapo china, n'kuchipepuza kuti cham'munsi chisuzumire. Ojambula ambiri achinyamata amagwiritsa ntchito zimenezi pongofuna kukonza zolakwa mosavuta. Koma m'menemo ndi mmene muli mphamvu yonena za munthu wokhala ndi moyo uwiri, wa pabwalo ndi wa mumtima. Etinosa Yvonne wa ku Nigeria anazindikira zimenezi m'ntchito yake yotchedwa It's All In My Head. Amajambula anthu opulumuka ku nkhondo ndi zipolowe, kenaka pamutu pawo amasanjikizapo chinthu chimene chimawabwerera m'maganizo. Munthuyo wangokhala phee, koma woona akuona zimene zikumudya.

Aïda Muluneh wa ku Ethiopia amapaka akazi utoto kumaso n'kutsitsa mzere wa madontho pakati pa nkhope. Madontho akewo amandikumbutsa namwali wopakidwa pa tsiku lotuluka. Ndimamulemekeza, koma zithunzi zake n'zosalala kwambiri moti nthawi zina diso limakhuta kukongola lisanafike pa chilonda. Za ku Chentcherere sizosalala. Ukayandikira umaona pamene dothi linachuluka pachala ndi pamene linayamba kutha, dontho lina lonenepa, lotsatira lowonda. Dzanja la munthu likadali pomwepo. Foni imachotsa zimenezi ngati wojambula salimbana nayo, chifukwa imawongola mzere uliwonse ndi kufananiza dontho lililonse.

Zojambula za chinamwali sizinkaima zokha. Panali namkungwi, panali nyimbo, panali akazi anzako okuzungulira, ndipo tanthauzo linkaperekedwa pakamwa kwa oyenera kulimva. Chithunzi cha pa intaneti chimapita kwa aliyense popanda wochiperekeza. N'chifukwa chake ndimaona kuti wojambula za mavuto a mayi ake kapena ake omwe ali ndi ufulu wobisa zina, ndipo kubisako n'kumene kumateteza wojambulidwayo kwa anthu a pamudzi amene angamuzindikire.

Ntchito ya mwana wa mchemwali wanga uja sinali yopanda vuto. Kumwamba anaikako mbalame zouluka zimene sizinkafunika, ndipo ndinamuuza. Anazichotsa pomwepo, pongozimitsa chigawo chimodzi. Ndinamufunsa za madonthowo, ngati anawatengera ku Chentcherere. Anati sanafikeko. Dontho lililonse, anatero, ndi usiku umene anamva mayi ake ali maso. Anawadontheza limodzilimodzi ndi chala, osakopera, ndipo a m'munsi mwa msana anatuluka opotoka chifukwa chala chinali chitauma ndi kuzizira.